Dzenje la Makala ndi Mchere

Mpaka lero fungo la pulasitiki wopsa likandipeza, kaya ndi pamsewu kaya ndi kudzala kumene ana ayatsa zinyalala, ndimabwerera ku Nkhata Bay, kuseri kwa nyumba yathu, m'mwezi wa Okutobala wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. Ndimaona a Mhone, wamagetsi uja, atanyonyomala pafupi ndi mbaula, akuwamba paipi yoyera pa makala, kuitembenuza pang'onopang'ono ngati chimanga chootcha mpaka itafewa, kenako n'kuipinda pabondo kuti ikhote bwino pakona ya khoma. Dzuwa la mwezi umenewo linkaswa mtengo. Malata a kanyumba katsopano ankathetheka, nyenje zinkalira m'mitengo ya mango osapuma, ndipo kamphepo kakakwera kuchokera kumunsi kankabwera ndi fungo la usipa woyanika ndi la chinangwa choviika.

Ife sitinali eni dera. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma bambo ankagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ya boma, ndipo atakhala zaka zingapo pa Nkhata Bay anagula nyumba yakale pamtunda, pamalo otsetsereka oti ukagwetsa lalanje umakalitola kwa aneba. Chaka chimenecho kunabwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene tonse tinkawaitana kuti a Nabanda. Ukwati wawo unali utatha ku Lilongwe. Anafika ndi chikwama chimodzi ndi firiji yakale yomanga ndi zingwe, imene ankati ndicho chinthu chokha chimene anatuluka nacho m'banjamo. Bambo anawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa yathu, chakumtunda pang'ono. Chipinda china chinali chogona, china cha firiji, kuti azakhali azipanga mafirizesi ndi thobwa n'kumakagulitsa kudepoti kumene maminibasi a ku Mzuzu amakwezera anthu. Koma m'kanyumbamo munalibe magetsi, ndipo kwa mwezi wathunthu firijiyo inkangosunga nsapato ndi mapepala a shuga.

Ndiye bambo anaitana a Mhone. Anali munthu wamtali, woonda, wa imvi cham'mbali, ndipo ankavala ovololo yabuluu imene inali itasiya kale kukhala yabuluu. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Anali Mtonga wa konko, nyumba yawo inali cha ku Mwaya, ndipo Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika mwa Chitonga. Iwo ankaitana bambo kuti ada, mayi kuti ama, ine kuti mwana wangu. Analibe shopu kapena chikwangwani. Ntchito yawo inkayenda ndi pakamwa pa anthu, makamaka mabanja a ogwira ntchito m'maofesi ngati ife, amene ankauzana kuti mukafuna munthu wosaba waya, wosabwera ataledzera, itanani a Mhone. Dzina lawolo ndilo linkadyetsa ana awo.

Ntchito ya kwathu inawatengera masiku asanu ndi limodzi, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkangotaya chikwama pakhomo n'kuthamangira kuseri. Magetsi anawatenga m'nyumba yaikulu, pa bokosi la maswitchi limene linali pafupi ndi mita, anaikapo switchi ina yatsopano, n'kutulutsa waya wonenepa wakuda. Kuchokera pamenepo anakumba ngalande yofika m'mawondo kukwera mpaka pa kanyumba ka azakhali. Dothi lake linali lofiira, louma gwa, lodzaza miyala, moti piki inkatulutsa moto. Pansi pa ngalandeyo anayala mchenga, anagoneka waya ali m'paipi, anathiranso mchenga, ndipo pamwamba anandandalika njerwa, kuti munthu wodzalima pamenepo m'tsogolo khasu lake lidzayambe lakumana ndi njerwa lisanafike pa waya. Ankagwira ntchito akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi m'Chitonga. Tizidutswa ta waya wofiira ndi wakuda ankandisungira m'thumba la ovololo, ine n'kumaluka zibangili.

Tsiku lachisanu ndinapeza pakhomo pali zii. Mayi anali atapita kuchipatala ndi mlongo wanga Yamikani, amene anali ndi chaka chimodzi ndipo ankatentha thupi kawirikawiri masiku amenewo. Azakhali anali kumsika, bambo kuntchito. A Mhone anali kuseri kwenikweni kwa kanyumba katsopano, kumene kunkapita nkhuku zokha, ali m'dzenje lofika m'chiuno. Anali ndi chitsulo chachitali cha mtundu wa mkuwa, ndipo ankachikhoma ndi hamala kuti chilowe pansi. Kawiri konse chinagunda mwala, iwo n'kuchizula, n'kuyesa pena. Chitalowa, anamangirira kumutu kwake waya wobiriwira wochokera m'nyumba. Kenako anamasula katundu amene anabwera naye panjinga: theka la thumba la makala osinja ndi beseni la mchere wamiyala wa kumsika. Anayamba kuthira mozungulira chitsulocho, makala, mchere, dothi, madzi, n'kubwerezanso.

Ndinawafunsa ngati akuphikira nyerere ndiwo. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anandikhazika pa njerwa n'kundifotokozera bwinobwino, monga mmene munthu amafotokozera wamkulu mnzake.

"Magetsi nthawi zina amasochera, mwana wangu. Waya akang'ambika m'kati mwa firiji, moto umalowa m'chitsulo cha firijiyo n'kumadikira munthu woti aigwire. Ndiye ife timaupatsa njira yake, waya wobiriwirayu, kuti uthawire pansi, switchi izime yokha. Ichi timati ethi. Koma dothi la kuno n'louma, miyala yokhayokha. Makala asunga chinyezi, mchere uthandiza moto kudutsa. Wamva?"

Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi. Anandifunsa kuti ndibwereze, ndinabwereza osaphonya. Atakwirira dzenjelo anandipatsa ntchito yoti m'mawa uliwonse ndizithirapo ndowa imodzi ya madzi mpaka mvula itagwa. Ndinanyada kwambiri tsiku limenelo. Ndikulemba zimenezi mwadala, chifukwa pa zonse zimene zinatsatira ndilibe pobisala ponena kuti ndinali mwana, sindinkadziwa.

Mawa lake masana a Mhone anayatsa magetsi. Firiji inanjenjemera, inayamba kung'ung'udza, ndipo azakhali, amene chibwerereni sanasekepo mokweza, anavina pakhonde atanyamula nsapato zimene anatulutsamo. Patapita masiku awiri bambo ananyamuka kupita ku Mzuzu ku maphunziro a kuntchito a masabata atatu. Za dzenje ankazidziwa, chifukwa a Mhone anali atawauza, koma bambo anali munthu wosafotokoza zinthu pakhomo. Iwo nkhani ya waya ankaiona ngati ya amuna.

Kusukulu ine ndinali mwana wosawerengedwa. Chitonga changa chinali chopunduka, ana a konko ankandiuza dala kuti ndinene mawu ena kuti aseke, ndipo pakati pa ana a ogwira ntchito m'maofesi panali ena ovala bwino, odziwa kulankhula, oti ine ndikatsegula pakamwa wina anali atayamba kale nkhani ina. Mtsogoleri wathu anali Dorini, mwana wa a Kachingwe, aneba athu a kumunsi. Pa buleki tsiku lina, titakhala pamizu ya mango tikudya zitumbuwa, ndinanena kuti kwathu tayatsa magetsi m'nyumba ya azakhali. Palibe anatembenuka. Ndinawonjezera kuti wamagetsi uja anakumba dzenje kuseri n'kukwiriramo makala ndi mchere. Dorini anasiya kutafuna. Anati makala ndi mchere, kuseri kwa nyumba, eni ake kulibe, amenewo si mankhwala?

Maso onse anali pa ine. Sindinaiwale kukoma kwake, ndipo ndicho chimandichititsa manyazi koposa. Ndikanatha kunena za ethi, mawu ake anali pakamwa pomwepa. M'malo mwake ndinatsitsa mawu, ndinayang'ana uku ndi uku monga ndinkaonera akuluakulu, n'kunena kuti analinso ndi kanthu kokulunga m'kansalu, ndipo kansaluko katamasuka ndinaona mutu wa nkhuku yakuda. Ndinati ankalankhula yekha m'Chitonga pokwirira. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndili pakati pa gulu, Dorini atandikoleka mkono paphewa.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo ithera pa mango paja. Pofika Loweruka inali m'kamwam'kamwa pampopi, kuchigayo ndi pakati pa amayi otuluka m'tchalitchi, ndipo inali itakula. Ena ankati nkhuku inali yathunthu. Ena ankati a Mhone amatero nyumba iliyonse imene amangamo waya, kuti mwayi wa pakhomopo uzitsetserekera kwa iwo, ndiye chifukwa chake munthu wopanda shopu amaphunzitsa ana kusekondale. Mayi Kachingwe, mayi ake a Dorini, ndiwo anabwera nayo kwathu. Anakhala pamkeka, anayang'ana Yamikani amene anali atagona pamiyendo pa mayi thupi lili moto, n'kufunsa mwachifundo kuti kodi mwanayu wayamba liti kudwaladwala chonchi. Yamikani anali atayamba kudwala a Mhone asanaponde pakhomo pathu, koma mayi anali atagona usiku wambiri osatseka maso, ali kutali ndi kwawo, pakati pa anthu amene chilankhulo chawo ankangochimva mwa apo ndi apo.

Mlendo atapita mayi anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. Sanandikalipire. Anandigwira manja onse awiri.

"Takondwa, usandinamize. Unaona ndi maso ako?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anandifunsa chifukwa chimene sindinawauze msanga, ndipo ndinati ndinkaopa. Anandikumbatira, nati ndisaope, ndachita bwino. Bambo sanawaimbire foni, chifukwa bambo ankaseka nkhani zamatsenga ndipo mayi sanafune kusekedwa mwana ali chigonere.

Lolemba m'mamawa, ndisanapite kusukulu, mayi ndi mayi Kachingwe anatenga makasu. Mayi anayamba azimitsa magetsi onse pa bokosi, kenako anapemphera mwachidule, nandiuza kuti ndiloze malo. Kuloza kwake sikunali kovuta, chifukwa panali ponyowa ndi ndowa zanga zomwe. Azakhali anaima patali atapinda manja, akudandaula kuti mafirizesi awo asungunuka, ndipo anati iwo za nkhuku sakuzikhulupirira, koma poti pakhomo si pawo angokhala chete. Makasu atalowa kunatuluka makala akuda onyowa, kenako mchere utaundana ngati miyala yoyera. Mayi Kachingwe anaomba m'manja kamodzi. Anafufuza dothi lonse ndi kamtengo, mutu wa nkhuku sanaupeze, koma anati zinthu zoterezi sizidikira kuti uzipeze, zikagwira ntchito zimasowa zokha. Waya wobiriwira mayi anamudula ndi chikwanje pafupi ndi khoma. Chitsulo anachigwedeza uku ndi uku mpaka chinazuka chitapindika, ndipo anakachiponya kuchigwembe cha kumunsi pamodzi ndi makala.

Kenako mayi anakayatsanso pa bokosi. Babu la m'nyumba ya azakhali linayaka, firiji inayamba kung'ung'udza monga kale. Mayi Kachingwe anati mwaona, magetsi akuyaka popanda chitsulo chija, ndiye chinali cha chiyani? Ine ndinaima pakona ndi yunifolomu yanga, ndikudziwa bwino lomwe kuti chinali cha chiyani, ndipo ndinanyamula chikwama n'kupita kusukulu.

Masabata amene anatsatira Yamikani anachira, chifukwa mankhwala a malungo a kuchipatala anagwira ntchito, koma mayi Kachingwe ankauza aliyense kuti mwana anadzuka dzenje litangofukulidwa. A Kachingwe anali atapangana ndi a Mhone kuti adzamange waya m'kagolosale kawo katsopano, ndipo anaitana munthu wina wa ku Mzuzu. Mabanja ena awiri a m'dera lathu anachita chimodzimodzi. Palibe amene anapita kukawauza a Mhone pamaso chifukwa chake. Anthu ankangowayankha moni mwachidule, n'kunena kuti ntchito ija tayamba taimika. Bambo atabwera ku Mzuzu anapeza magetsi akuyaka, mwana ali bwino, azakhali akugulitsa, ndipo panalibe amene anawatengera kuseri kwa kanyumba.

Ndinakumana nawo kamodzi m'masiku amenewo. Mayi anandituma kumsika kukagula tomato ndi usipa, ndipo potuluka, pafupi ndi ogulitsa kaunjika, ndinamva belu la njinga. Anali a Mhone, chikwama cha zida chili kumbuyo, ovololo ili yoyera bwino ngati ya munthu amene sanagwire ntchito tsiku limenelo. Ndinafuna kulowa pansi. Iwo anamwetulira, anapisa m'thumba n'kundipatsa tizidutswa ta waya wabuluu, nati mtundu umenewu ndinalibe. Anafunsa za firiji ya azakhali. Kenako anafunsa ngati ndikuthirabe madzi padzenje paja.

"Eya, ndikuthira," ndinatero, iwo n'kuthokoza m'Chitonga.

"Yewu, mwana wangu. Mvula ili pafupi, upumula."

Anakwera njinga n'kumapita. Waya wabuluu uja ndinamutaya m'ngalande ndisanafike kunyumba, ngati kuti kutaya kumeneko kukonza kanthu. Usiku ndinkagona ndikudziuza kuti firijiyo ndi yolimba, yakhala zaka zambiri osavuta, ndipo mwina a Mhone ankangokokomeza monga amachitira akuluakulu.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala, Loweruka m'mawa. Inabwera ndi mphepo kuchokera kunyanja, inagwetsa mango osapsa, ndipo madzi ofiira anatsika phiri n'kulowa pansi pa chitseko cha azakhali mpaka simenti yonse ya m'chipinda cha firiji inanyowa. Ine ndinali pakhonde la nyumba yaikulu ndikutchera madzi a padenga m'ndowa. Azakhali anathamanga opanda nsapato kuti akachotse mapepala a shuga pansi, ndipo podutsa anagwira chogwirira cha firiji. Kukuwa kumene ndinamva sikunali ngati kwa munthu amene ndimamudziwa. Switchi ya pa bokosi inagwa yokha, mababu anazima, ndipo titafika tinawapeza ali gone m'madzi, mutu utagunda pa kireti ya mabotolo, dzanja lamanja litapindika ngati lagwira chinthu. Anali moyo, koma sankatha kulankhula. Bambo ndi a Kachingwe anawanyamula mpaka kumsewu, n'kuwatengera kuchipatala.

Azakhali anatuluka m'chipatala patapita masiku awiri, ali ndi mabandeji kumutu ndi m'manja. Zala ziwiri za dzanjalo zinakhala zadzanzi miyezi yambiri, moti sankatha kumanga timapepala ta mafirizesi. Bambo sindinawaonepo atapsa mtima ngati nthawi imeneyo. Anatuma uthenga kuti a Mhone abwere adzaone ntchito yawo imene inatsala pang'ono kupha mlongo wawo, ndipo ananena mawu amenewa mokweza, pabwalo, aneba akumva.

A Mhone anafika masana a tsiku lomwelo. Anapepesa azakhali, anazimitsa pa bokosi, anakoka firiji n'kutsegula kumbuyo kwake, ndipo anaonetsa bambo waya amene makoswe anamutafuna mpaka mkuwa wake unkakhudza chitsulo. Anati zimenezi zimachitika, koma siziyenera kufika pa munthu. Kenako anazungulira kuseri, ife tonse tikuwatsatira, pamodzi ndi a Kachingwe ndi akazi awo ndi ena amene anabwera kudzazonda wodwala. Anaima pamene panali dzenje. Kachidutswa ka waya wobiriwira kanali lende pakhoma, kodulidwa mopingasa. Anakagwira ndi zala ziwiri, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mofatsa kuti wadula ndani.

Mayi anga sanali munthu wobisala kumbuyo kwa ena. Anati ndine, ndipo anafotokoza zonse, makala, mchere, kudwala kwa mwana, mpaka mutu wa nkhuku yakuda. Bambo anagwira kumutu. A Mhone anamvetsera osadula mawu, koma nkhope yawo inagwa pamene anazindikira chifukwa chimene anthu ankawayankhira moni wa mwachidule mwezi wonsewo. Anafunsa kuti mutu wa nkhukuwo anauona ndani. Mayi anati mwana. Anatembenuka n'kundiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akufuna kuti umuthandize kunyamula katundu.

"Mwana wangu, tinali awiri pano. Unaona mutu wa nkhuku?"

Dorini anali pomwepo, kumbuyo kwa mayi ake. Azakhali anali pakhomo ndi mabandeji awo. Lamba wa bambo ndinkamudziwa. Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi m'matope, ndipo ndinati sindikukumbuka bwino. Kenako ndinayamba kulira mokweza, kulira kwa dala kumene mwana amadziwa kuti kutseka mafunso. Mayi anandikokera m'chitenje chawo nati mwana asafunsidwenso, wachita mantha. A Mhone anagwedeza mutu pang'ono, ndipo sanandifunsenso kanthu.

Anabweranso m'mawa mwake ndi chitsulo chatsopano. Makala ndi mchere sanabweretse. Anapempha bambo kuti akagule okha kumsika, ndiponso kuti aitane aneba onse amene angathe kubwera. Dzenje anakumba bambo, atavula shati ya ku ofesi. Chitsulo anakhoma a Mhone, namangirira waya watsopano, koma itafika nthawi yothira anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kuika manja kumbuyo.

"Thirani ndinu, ada. Manja anga asakhudzeko."

Bambo anathira makala, mchere, dothi, madzi, a Mhone akungowauza pothira ndi muyeso wake, manja ali kumbuyo ngati mlendo pa ntchito yawo yomwe. Sanaimbe nyimbo tsiku limenelo. Anafotokozera anthu za ethi, mawu omwe aja anandiuza ine, ndipo ena anavomera ndi mitu. Atakonza waya wa firiji ndi kuyesa zonse ndi zida zawo, mayi anawabweretsera tiyi ndi chinangwa chophika. Anathokoza, anati adya kale, n'kukankha njinga yawo kutsika njira yoterera.

Ine sindinamenyedwe. Bambo anakalipira mayi masiku angapo chifukwa chodula waya osafunsa, ndipo anayenda okha m'nyumba za anzawo a kuntchito kunena kuti ntchito ya a Mhone inali yabwino. Za makala ndi mchere anthu anamvetsa, chifukwa amagetsi ena anavomereza kuti amaterodi pa dothi louma. Koma za nkhuku panalibe wozitsutsa, poti amene anaziona sananene kuti sanazione. Anthu ankati chitsulo chinali cha magetsi, inde, nanga mutu uja unali wa chiyani? M'dera lathu lonse sanaitanidwenso. Zaka ziwiri zimene tinakhalabe pa Nkhata Bay ndinkawaona pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, atayala tebulo laling'ono, akukonza mawayilesi, matochi ndi masimbi. Ndinkadutsa tsidya lina la msewu. Kenako bambo anasamutsidwira ku Balaka, ndipo ine ndinapuma, ndikuganiza kuti nkhani yatsala kumpoto.

Ndinawauza mayi zoona ndili kale ndi ana anga awiri. Tinali ku Ntcheu, bambo atamwalira, tikusenda nandolo pakhonde, ndipo iwo ndiwo anayambitsa. Anakumbuka dzanja la azakhali, nati anachita zopusa kudula waya uja, koma mutu wa nkhuku uja mpaka lero sawumvetsa. Ndinaika lichero pansi n'kuwauza kuti kunalibe mutu, kunalibe kansalu, ndipo a Mhone anali atandifotokozera zonse za ethi tsiku lomwelo. Mayi anapitiriza kusenda. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Sabata imene inatsatira ngozi ija, iwo anavala chitenje chatsopano n'kupita okha ku Mwaya, kunyumba kwa a Mhone, kukapepesa za chitsulo. A Mhone kunalibe, anapeza akazi awo. Mayiwo anawalandira bwino, anawayalira mphasa, ndipo pomaliza anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akauze anzawo kuti za nkhuku zinali zopeka za mwana, chifukwa ana awo akusekedwa kusukulu ndipo ntchito yasowa.

"Ndinawakanira," anatero mayi. "Ndinati za waya ndalakwa, koma mwana wanga sanama."

Ndili mwana ndinkaona ngati tsiku lija ndinapulumuka, poti lamba sanandikhudze, azakhali anachira, ndipo magetsi anayakanso. Ndinkaganiza kuti kukhala chete si kunama, ndi kungodikira kuti akuluakulu aiwale. Sindinkadziwa kuti pamene ine ndinkadutsa tsidya lina la msewu, mayi anga anali atakaima pakhomo pa eni ake n'kundichitira umboni. Ndinafunsa kwa anthu a ku Nkhata Bay chaka chomwe ndinaululira mayicho ngati a Mhone alipo, kuti ndipite ndikanene ndi pakamwa panga. Anandiuza kuti anamwalira kalekale, akazi awo anasamukira kwa mwana wawo, ndipo munthu amene ndinamufunsayo, pofuna kutsimikiza kuti tikunena munthu mmodzi, anati: mukunena a Mhone a nkhuku aja?